KUTHAMANGA SI KUFIKA: NDARAMA ZA BOMA ZIYAMBIRE PATI?

(Awa ndi mau amene Mlembi wa Nthambi yathu ya kwa Katunga analankhula pa msonkhano wa mamembala. Tawasindikiza onse kuti amene sanathe kufika awerenge, ndiponso awerengere anzao amene maso anafooka.)



Komiti inandituma kuti ndilankhule lero za kayendedwe ka anthu, pakuti mwa madandaulo onse amene amafika m'manja mwa Mlembi, ochuluka ndi a mseu, a mlatho ndi a mtengo wokwerera galimoto. Nkhaniyi yafika pena tsopano. M'mafoni mwa ana athu muli zithunzi za sitima za pamtunda za m'maiko ena, zoyera mbee, zosongoka kumutu ngati nsomba, zothamanga makilomita 300 pa ola limodzi. Ndipo pa misonkhano ya ndale tinamvapo malonjezo akuti tsiku lina sitima zotere zidzayenda m'Malawi muno. Anyamata ena a Nthambi ino anakondwa nazo, nandifunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji gulu lathu silikupempha nao zimenezi? Kodi ife ndife otsalira?" Funsoli ndi labwino, ndipo liyenera kuyankhidwa pabwalo, osati kuseri kwa nyumba.

Yankho langa ndi ili, ndipo ndikuliika patsogolo kuti amene atope msanga apite nalo kwao. Boma liyambe lakonza njira zimene anthu akuyendamo kale lero lino: mseu, mlatho, basi, ndi njanji yakale imene inafa tikuona. Likatha zimenezi ndi pamene tingakhale pansi kukamba za liwiro. Sindikuda sitima ai. Ndikunena za chimene chiyenera kutsogola ndi chimene chiyenera kutsatira.

THUMBA NDI LIMODZI

Choyamba tidziwe kuti Boma liribe munda wa ndarama. Ndarama zimene limagwiritsa nchito ndi zathu zomwe. Ukagula katundu m'sitolo, msonkho uli m'kati mwa mtengowo. Ukagula mayunitsi a foni, msonkho ulimo. Pa lita iri yonse ya petulo ndi dizilo pali kagawo kamene lamulo linakapatulira kukonza miseu, ndipo kamapita ku bungwe lotchedwa Roads Fund Administration, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006. Inu mulibe galimoto, inde. Koma mwini minibasi ndi mnyamata wa njinga yamoto amaika msonkhowo pa mtengo umene amakulipiritsani, kotero kuti amai amene apita ku Nchalo ndi dengu la tomato alipira msonkho wa mseu asakudziwa. Ndipo Boma likakongola kunja, ngongoleyo ndi msonkho wa mawa, umene adzalipire ana amene ali mu Sitandade 1 lero, pamodzi ndi chiongola dzanja chake.

Tsono thumba ndi limodzi, ndipo kwacha imene yapita uku siingapitenso uko. Bambo amene wagulitsa thonje lake, denga likudontha, mbuzi ziribe khola, ana alibe zofunda, iye napita kukapereka chikole cha galimoto, mudzi wonse umamseka, ngakhale galimotoyo ikhale yokongola chotani. Chimene timachiona msanga pakhomo pa mnzathu tiyenera kuchionanso pa Boma.

KATUNGA LINALI DOKO

Ife a kwa Katunga tiri ndi chifukwa chathuchathu chochenjerera pa nkhani iyi, pakuti dzina la dera lathu linalowa m'mbiri ya mtengatenga wa dziko lino mzinda wa Lilongwe usanakhaleko. David Livingstone anakwera Shire ndi sitima yake mu 1859, ndipo mathithi a Kapichira anamtsekera njira. Amakololo amene anadza naye pa maulendo ake anatsala m'chigwa muno nasanduka mafumu, ndipo Katunga anali mmodzi wa iwo, pamodzi ndi Kasisi, Maseya, Mlauli ndi Chipatula. Itayamba mishoni ya Blantyre mu 1876 ndi kampani ya Mandala mu 1878, sitima za pamadzi zochokera ku Zambezi zinkakocheza pa doko la Katunga, chifukwa ndilo linali pafupi ndi Blantyre. Nsalu, zitsulo, makalata ndi Azungu omwe, zonse zinkatsikira kuno. Nanga zinkakwera bwanji phiri? Pa mitu ya makolo athu. Amtengatenga ankasenza mitolo kukwera chitunda chonse chija, ulendo wa makilomita pafupifupi 50, ndipo Mzungu ankanyamulidwa pa machila.

Pambuyo pake madzi a Shire anayamba kuchepa chaka ndi chaka, sitima zinayamba kukakamira pa mchenga, ndipo doko linasunthira kumunsi, poyamba ku Chiromo, kenaka ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje. Atsamunda anamanga njanji yochokera ku Port Herald, yooloka Shire pa Chiromo, yokwera motsata Ruo mpaka ku Blantyre, ndipo inatsegulidwa mu 1908. Kuyambira pamenepo Katunga anaiwalika. Njanjiyo inadutsa kufupi ndi minda ya Azungu ya ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo inamangidwira katundu wao, chifukwa iwo ndiwo anali ndi mau ku Boma. Sinafunse kuti ana a anthu amene anasenza mitolo aja adzayenda bwanji. Phunziro loyamba ndi limeneli: njira imapita kumene kuli mau, ndipo amene akhala chete imawalambalala.

NGONGOLE YA MLATHO WA ZAMBEZI

Phunziro lachiwiri ndi la ngongole. Njanji ija inatalikitsidwa kufika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi, mu 1915, ndipo ina yochokera ku Beira inafika tsidya lina la mtsinjewo mu 1922. Mu 1935 anatsegula mlatho waukulu wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita 3.7, umene pa nthawiyo unaposa milatho yonse ya njanji mu Africa. Chinali chinthu chodabwitsa ndithu kuchiona. Koma akatswiri a mbiri anafufuza nalemba kuti zitsulo zake zinagulidwa ku Britain kuti mafakitale a kumeneko apeze nchito pa zaka zimene malonda anagwa, pamene ngongole ya njanjiyo ndi mlathowo inasenzetsedwa Nyasaland, eni dziko osafunsidwa. Gawo lalikulu la zimene ngongoleyo inamanga linali m'dziko la Apwitikizi, koma wolipira anali munthu wa msonkho wa nyumba wa kuno. Kwa zaka zambiri ndarama zimene zikadamanga sukulu, zipatala ndi miseu ya kumidzi zinkathera kubweza ngongole, ndipo mtengo wotumizira katundu pa njanjiyo unali wokwera kwambiri. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'MASIKU ATHU ANO

Wina anganene kuti izo zinali za Atsamunda, zinapita ndi eni ake. Tiyeni tsono tione za m'masiku athu ano, pansi pa mbendera yathu yomwe.

Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje, alipo Pulezidenti Robert Mugabe wa Zimbabwe ndi Pulezidenti Rupiah Banda wa Zambia. Cholinga chinali chabwino, choti katundu azibwera pa madzi kuchokera ku nyanja ya mchere kudzera mu Zambezi ndi Shire monga kale, ndipo anthu a m'chigwa muno anakondwera ndi mtima wonse. Koma simenti inathiridwa mgwirizano ndi Mozambique, mwini wa kumunsi kwa mtsinje, usanapse. Boma la Mozambique linagwira bwato la feteleza limene linkayembekezeka pa mwambowo, linati kafukufuku ayambe wachitika, ndipo zaka zoposa khumi zinapita popanda sitima yokocheza pa dokolo. Dzifunseni nokha kuti ndarama zimene zinakwiriridwa pamenepo zikadamanga timilatho tingati ta kumidzi.

Chinanso, kuyambira mu 2012 kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga njanji yatsopano yoposa makilomita 130, yolowa m'dziko muno pa Kachaso kwa Chapananga, m'boma lathu lomwe lino la Chikwawa, yodutsa Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya ku Balaka. Ndi njanji yolimba, ndipo ndarama zake sizinatuluke m'thumba la Boma lathu. Pamenepo tinene zoona. Koma inamangidwira malasha a ku Moatize opita ku doko la Nacala. Mbale wathu wa kwa Chapananga amawerenga mabogi ake ikamadutsa, koma mwana akadwala usiku amafunabe njinga yomfikitsa ku chipatala. Ndipo mlatho wa pa mtsinje wa Mwanza, umene anthu a kumeneko anaudikira zaka zambiri, unagumuka ndi madzi a namondwe wa Ana mu Januwale 2022, utangotumikira zaka zochepa. Phunziro lachitatu ndi ili: njanji ingathe kudutsa pakhomo panu osakhala yanu.

MAFUNSO ATATU

Pa zonsezi ndatolapo mafunso atatu, amene ndikupempha membala ali yense awasunge pamtima monga ana amasungira matebulo. Munthu akabwera ndi lonjezo la chinthu chachikulu cha mtengatenga, mfunseni kuti: Chidzanyamula yani? Chidzaima pati? Adzalipira ndani?

Tiyeni tiiyese sitima yothamanga ija ndi mafunso amenewa, koma tiyambe tadziwa chimene iri. Njanji zonse za m'Malawi ndi zopapatiza, za mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwiri, ndipo zakalezo zimakhotakhota motsata mapiri. Sitima ya makilomita 300 pa ola imayenda pa njanji yotakata, ya mamilimita 1,435, yoongoka, yotchingidwa ndi mpanda mbali zonse kuti ng'ombe kapena mwana asaolokepo, ndiponso imayendera magetsi. Ndiye kuti palibe chathu chakale chimene chingagwire nchito. Zonse ziyenera kugulidwa zatsopano, ndi ndarama zakunja. Za magetsi tonse tikukumbukira. Madzi omwewo a mu Januwale 2022 anaononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati 130, ndiko kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake onse, ndipo panapita chaka chathunthu ndi miyezi makina asanayambenso kuzungulira.

Idzaima pati? Sitima yotere siima pa siteshoni iri yonse, pakuti ikamaimaima liwiro lake latha nchito. Pakati pa Blantyre ndi Lilongwe ingaime kawiri kapena katatu basi, ndipo m'chigwa muno siingatsike nkomwe. Idzanyamula yani? Anthu a changu cha ku ofesi, okhala ndi ndarama ya tikiti, amene lero akuyenda kale pa galimoto zao kapena pa ndege. Thumba la mapira, mtolo wa nsomba zouma, mbuzi ndi njinga siziloledwa m'menemo. Adzalipira ndani? Tonse, kuphatikizapo agogo a kwa Katunga amene sadzaiona ndi maso.

ANZATHU A M'MAIKO ENA ANAONA ZOTANI?

Dziko loyamba kumanga sitima yotere linali Japan, mu 1964, pakati pa Tokyo ndi Osaka. Koma tamverani chifukwa chake. Njanji yao yakale pakati pa mizinda iwiriyo inali itadzaza, sitima zikutsatana usana ndi usiku, anthu ndi katundu osakwanamo. Anamanga yatsopano chifukwa yakale inachepa, osati chifukwa yakale inafa. Mu Africa muno Morocco inatsegula yake mu 2018, yochokera ku Tangier kulowera ku Casablanca, ndipo nayonso inali kale ndi sitima wamba zoyenda tsiku ndi tsiku pakati pa mizinda yake.

Abale athu ambiri ali ku Joni. Afunseni za Gautrain. Sitima imeneyi inayamba kuyenda mu 2010, imafika makilomita 160 pa ola, ndipo imalumikiza Johannesburg, Pretoria ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Njanji yake ndi ya makilomita 80 okha, koma inadya marandi oposa 25 biliyoni. Pa nthawi yomweyo sitima wamba za Metrorail, zimene zinkanyamula anchito osauka a ku Soweto ndi Tembisa, anthu ochuluka kwambiri kuposa okwera Gautrain, zinasiyidwa kukalamba, ndipo pofika 2020 mbala zinali zitazula mawaya ndi zitsulo m'masiteshoni ambiri, kotero kuti anchito aja anakakamizidwa kukwera matekisi odula. Ngakhale ku Britain, kwa eni njanji, nduna yaikulu Rishi Sunak mu Okutobala 2023 inaimitsa gawo la njanji yothamanga ya HS2 lochokera ku Birmingham kupita ku Manchester, itaona mtengo ukungokwera, ndipo inati ndaramazo zipite ku miseu, mabasi ndi sitima za m'madera. Ngati olemera akubwerera panjira, ife a thumba lobooka tithamangire chiani?

ZIMENE TIRI NAZO KALE

Tsopano tiyang'ane pakhomo pathu. Pa kalembera wa 2018, Chikwawa ndi Nsanje pamodzi zinali ndi anthu oposa 860,000. Khamu lonseli limadalira mseu waukulu umodzi, wa M1, wochokera ku Marka kudzera ku Nsanje, Bangula, Ngabu, Nchalo ndi Dyeratu, wooloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, wokwera phiri pa Thabwa. Chigwa chonse chikupumira mphuno imodzi. Namondwe wa Ana anaudula mseuwu mu 2022, ndipo wa Freddy anaudulanso mu Malichi 2023. Masiku amenewo wodwala wotumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth analibe podzera, katundu anasowa m'masitolo, ndipo mitengo inakwera tikuona. Madzi otere sakubweranso kamodzi pa mbadwo monga kale: 2015, 2019, 2022, 2023, werengani nokha. Mseu umene unamangidwira mvula ya makedzana uyenera kukwezedwa, ndipo milatho yake iyenera kukulitsidwa kuti madzi apeze podutsa.

Kutsidya kwa Shire kuli mseu wochokera pa Thabwa kudzera kwa Makhuwira ndi Masenjere kulowera ku Muona, umene maboma otsatizana akhala akuulonjeza phula. Kumunsi, pakati pa Bangula ndi Chiromo, madzi a mu 1997 anakokolola njanji ndi mseu womwe, ndipo kwa zaka zoposa 25 anthu akhala akuoloka pamenepo pa mabwato, m'madzi a ng'ona ndi mvuu. Malowo amatchedwa Mtayamoyo, ndipo dzinalo silifuna womasulira.

Za mabasi, akuluakulu amene muli pano mukukumbukira basi ya UTM, imene pambuyo pake inakhala ya Stagecoach kuyambira 1989, kenaka ya Shire Bus Lines. Inali ndi zofooka zake, koma inali ndi nthawi yonyamukira yodziwika, mtengo wake unali wolembedwa pa tikiti, ndipo inkalowa m'miseu ya fumbi. Itatha, tinatsala m'manja mwa minibasi, imene imanyamuka ikadzaza, imayenda pamene pali phula pokha, ndipo mtengo wake umasintha ndi nkhope ya tsiku. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta anakwera, ndipo wokwera ndiye anasenza zonse. Kuchoka pa phula kulowa kumidzi, amene agwirizira dziko ndi anyamata a kabaza ndi eni ngolo. Tiwathokoze, pakuti popanda iwo chipatala ndi msika zikadakhala kutali kawiri. Koma amai amene matenda a pakati awayamba pakati pa usiku sayenera kugonekedwa m'ngolo m'dziko la ufulu. Ku sukulu timaona chaka ndi chaka kuti mvula ikagwa masiku awiri mabenchi amakhala opanda anthu, osati chifukwa ana ndi aulesi ai, koma chifukwa kamtsinje kamodzi kadzaza ndipo palibe poolokera. Ndipo ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira, imene nchito yake inakhazikitsidwa mu 2020, ikadzatipatsa zokolola zochuluka, zidzatuluka bwanji m'minda ngati miseu ya kumidzi iri matope okhaokha?

Zonsezi si zodula poyerekeza ndi sitima ya magetsi. Dzenje la pa mseu likakwiriridwa likadali laling'ono limadya mafosholo ochepa a phula. Likasiyidwa mvula ziwiri, mseu wonse umafuna kumangidwanso. Nanga nchifukwa ninji nchito zotere zimatsalira m'mbuyo? Chifukwa pa mwambo wokwirira dzenje palibe amene amabvina. Palibe nsalu yodula ndi sizasi, palibe mwala wolembapo dzina la munthu. Chinthu chatsopano chimatchukitsa wochitsegula, pamene kusamala chakale kumangothandiza anthu mwakachetechete. Pa chifukwa chimenechi, ngati ife eni ake sitiitanitsa nchito zazing'onozi ndi mau okweza, palibe amene adzaziitanitse.

SITIKUKANA NJANJI

Munthu asatuluke muno nkumakanena kuti Nthambi ya kwa Katunga ikudana ndi njanji. Iai. Amene amakonda njanji ali ndi mfundo zoona, ndipo tizimvere. Beira ndi doko loyandikira kwa ife. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji ya ku Sena, katundu wa dziko lino wambiri wakhala akubwera pa malole, ndipo mtengo wa malolewo uli m'kati mwa thumba liri lonse la feteleza. Malole olemera ndiwonso amaphwanya phula limene minibasi ndi ambulansi zimayendapo. Sitima imodzi imanyamula katundu wa malole makumi angapo, motero njanji yamoyo imateteza mseu.

Nchifukwa chake nchito yokonzanso njanji ya makilomita 72 kuchokera ku Marka kufika ku Bangula, imene inayamba mu 2022 pa mtengo wa pafupifupi K68 biliyoni, ife tikuivomereza ndi manja awiri. Mu Sepitembala 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika pa Marka patapita zaka makumi anai, koma chakacho chinatha njanji isanafike ku Bangula. Pempho lathu ndi lakuti imalizidwe, ndipo isathere pa Bangula. Ioloke pa Chiromo, ikalumikizane ndi Makhanga, Sandama ndi Limbe monga inaliri. Ndipo kumbuyo kwa mabogi a mafuta ndi shuga kukhale bogi la anthu. Mpaka pamene madzi a mu Januwale 2015 anaononga njanji, sitima ya anthu inkatsika kuchokera ku Limbe kufika ku Makhanga. Inkayenda pang'onopang'ono, inde, koma inkaima pa siteshoni iri yonse, inkalola dengu, nkhuku ndi njinga, ndipo mtengo wake munthu wa kumudzi ankautha. Sitima yotere ikuyankha bwino mafunso athu atatu. Ife a kwa Katunga tiri patali ndi njanjiyo, koma malole akachepa pa M1 tidzapuma nao, ndipo abale athu a ku Nsanje akaoloka bwino ndiye kuti taoloka tonse.

Tsono inu anyamata amene munafunsa ngati ndife otsalira, imvani. Wotsalira si amene akufuna kuyamba ndi maziko. Wotsalira ndi amene akongola denga la malata makoma asanaume. Tsiku lidzafika limene njanji zathu zidzadzaza, magetsi adzakwanira, ndipo inu kapena ana anu mudzakhala pansi kukamba za liwiro, mwina ena mwa inu muli mainjiniya ake. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ndi wa mphepo.

ZOTI TICHITE

Kuti mau awa asathere pansi pa mtengo uno, ndikuika pamaso pa msonkhano mfundo zisanu kuti muzikambirane ndi kuzibvomereza kapena kuzikonza.

1. Mamembala a mudzi uli wonse alembe m'kope malo onse oipa a m'njira zao: dzina la mtsinje kapena khwawa, kalavati amene anagumuka, ndi masiku angati m'dzinja lapitali pamene galimoto kapena ngolo sinathe kudutsa. Makopewa afike kwa Mlembi msonkhano wa mwezi wamawa usanachitike. Dandaulo la pakamwa limauluka, koma lolembedwa limafuna yankho.

2. Mndandanda umenewu tiupereke ku makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'dera, kwa khansala wathu, kwa phungu wathu ndi ku Khonsolo ya Chikwawa, ndipo tifunse mwa kalata kuti ndarama za miseu ndi za thumba la chitukuko la CDF zinagwira nchito yanji m'dera lino. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za Boma linayamba kugwira nchito mu 2020. Kufunsa si mwano. Ndi ufulu wathu.

3. Tilembere Nduna ya za Mtengatenga, pamodzi ndi Nthambi zinzathu za m'chigwa muno, kuti ndarama zitsate ndondomeko iyi: choyamba M1 ndi milatho yake, chachiwiri mseu wa kutsidya, pooloka pa Mtayamoyo ndi miseu ya kumidzi, chachitatu kumaliza njanji yakale pamodzi ndi bogi la anthu, chachinai basi ya nthawi yodziwika ndi mtengo wolembedwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kalata ya Nthambi khumi imalemera kuposa ya Nthambi imodzi.

4. Munthu ali yense wofuna mavoti athu, wa chipani chiri chonse, akabwera ndi lonjezo lalikulu, timlandire mwaulemu, timpatse mpando, kenaka mmodzi wa ife aimirire amfunse mafunso atatu aja. Tisagende, tisatukwane, tifunse ndi kudikira yankho.

5. Ifenso tichite mbali yathu. Tisalime mpaka m'ngalande za mseu. Tisatseke makalavati ndi zinyalala. Tisatenthe makala m'mapiri amene madzi ake amatsikira pa ife, pakuti mchenga umene ukukwirira milatho ukuchokera kumeneko. Ndipo amene azula zitsulo za njanji kapena za mlatho kukagulitsa, ameneyo waba m'nkhokwe ya mudzi, ndipo tisambise.

A Wapampando, ndalankhula nthawi yaitali, ndipo dzuwa la kuno silichitira chifundo munthu. Chimene tikupempha kwa Boma ndi chaching'ono ndi chomveka: kuti mlimi afikitse thonje lake pa msika, mwana afike ku sukulu m'mwezi wa Febuluwale, ndi wodwala afike ku chipatala ali moyo. Makolo athu anati kuthamanga si kufika. Ife tikufuna kufika.

 Ndabweza mau kwa a Wapampando.